Kodi Mayi Wolankhula M'galimotoyu Njira Amaidziwadi?

Amene anagulapo galimoto yochokera ku Japan akudziwa mmene zimakhalira. Mwangoliza injini, mawu a mayi akumveka kuchokera m'dashibodi, aulemu bwino, koma a Chijapanizi chokhachokha. Pa sikirini pali mapu a mzinda umene simunaupondepo, ndipo kamuvi koimira galimoto yanu kali pakati pa nyanja. Ambiri chida choterechi anachitaya n'kuyamba kudalira foni, koma nayo foni ili ndi zake. Lero ikufikitsani pageti penipeni, mawa ikusiyani m'munda wa chimanga n'kukuuzani kuti mwafika. M'munsimu muli mafunso amene madalaivala amakonda kufunsa pa zida zolondolera njirazi, zimene ambiri timangoti GPS.

Kodi chidachi chimadziwa bwanji pamene ndili?

Chimamvera masetilaiti. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti a GPS pafupifupi 30, ndipo setilaiti iliyonse imazungulira dziko kawiri patsiku. Iliyonse ili ndi wotchi ya atomiki, yosaphonya nthawi, ndipo ntchito yake ndi kulengeza mosalekeza pamene ili ndi nthawi imene yatumiza uthengawo.

Taganizirani munthu amene akuwaza nkhuni kutsidya kwa dambo. Nkhwangwa mumaiona ikutsika, koma phokoso limakupezani pambuyo pake, ndipo akatalikira, phokosolo limachedweranso. Chida cha m'galimoto chimawerengera chimodzimodzi. Chikaona kuti uthenga wachedwa motani panjira, chimadziwa kutalika kwa setilaiti imene yautumiza. Chikadziwa kutalika kwa masetilaiti atatu, malo amene muli apezeka, monga mmene mungapezere mudzi pa mapu mutauzidwa mtunda wake kuchokera ku Dedza, ku Salima ndi ku Dowa. Pamafunikanso setilaiti yachinayi, chifukwa wotchi ya m'chida chanu ndi yotchipa ndipo iyenera kukonzedwa nthawi ndi nthawi.

Kaphonyedwe kakang'ono ka nthawi kamabala cholakwika chachikulu. Uthengawu umathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, choncho wotchi ikaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, malo anu aphonyeka ndi mamita 300. Ngakhale zimene Albert Einstein anapeza zokhudza nthawi zimalowa m'masamuwa: mawotchi a kumwambako amathamangirako pang'ono kuposa a pansi pano, ndipo akanapanda kuwakonzeratu, GPS ikanamaphonya ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse.

Mwini wake wa masetilaitiwa ndani, ndipo timalipira kuti?

GPS ndi ya boma la America, ndipo inapangidwira asilikali. Setilaiti yoyamba inatumizidwa mu 1978, ndipo dongosolo lonse linalengezedwa kuti latha mu 1995. Anthu wamba analowamo chifukwa cha ngozi. Pa 1 September 1983, ndege ya Korean Air Lines inasochera n'kulowa mumlengalenga mwa Soviet Union, ndipo inawomberedwa, anthu 269 n'kufa. Pambuyo pake Pulezidenti Ronald Reagan analengeza kuti GPS ikadzatha, anthu wamba adzaloledwa kuigwiritsa ntchito.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri asilikali ankasokoneza dala uthenga wa anthu wamba, moti chida chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Izi zinathetsedwa mu May 2000, pa nthawi ya Pulezidenti Bill Clinton, ndipo mpomwe zida za m'galimoto monga za Garmin ndi TomTom zinayamba kufala. Lero Russia ili ndi GLONASS, mayiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, China ili ndi BeiDou, ndipo mafoni ambiri atsopano amamvera onsewa nthawi imodzi. Kumvera masetilaiti ndi kwaulere. Ndalama mumaonongera pa chida, pa mapu kapena pa bandulo.

Ndiye bandulo ikatha kapena netiweki ikasowa, GPS imasiya kugwira ntchito?

Ayi. Masetilaiti safuna bandulo ngakhale SIM khadi. Foni imadziwa pamene ili ngakhale pakati pa Nyika kapena m'nkhalango ya Chikangawa. Chimene chimasowa ndi mapu. Mapulogalamu ngati Google Maps amakoka mapu pa intaneti mukamayenda, choncho netiweki ikaduka mumatsala ndi kadontho kabuluu pa sikirini yopanda kanthu.

Mankhwala ake ndi kusungiratu mapu mufoni musananyamuke, pamene muli ndi intaneti yabwino. Google Maps imalola kusunga chigawo chimene mwasankha, ndipo mapulogalamu ngati OsmAnd, Organic Maps ndi Maps.me amasunga dziko lonse la Malawi kapena Zambia nthawi imodzi. Izi zimathandiza ngakhale pa msewu wa M1, makamaka pakati pa Dedza ndi Ntcheu pamene msewu umatsata malire. Pa Lizulu, tsidya lina la msewu ndi Mozambique, ndipo foni imatha kulumphira pa netiweki ya kumeneko intaneti n'kuduka. Zida zapadera za m'galimoto zilibe vuto limeneli chifukwa mapu ake amakhala m'kati momwemo, kungoti amakalamba ngati mwini wake sakuwakonzanso.

Ngati masetilaiti ndi olondola chonchi, n'chifukwa chiyani chidachi chimasocheretsa anthu?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'chidamo muli ntchito zitatu zosiyana. Yoyamba ndi kudziwa pamene muli, ndipo imeneyi imachitika bwino kwambiri, kawirikawiri mosaphonya ndi mamita oposa ochepa. Yachiwiri ndi mapu. Yachitatu ndi kusankha njira pa mapupo. Masetilaiti sadziwa msewu ngakhale umodzi. Saona mlatho, saona dzenje, saona kuti pamene panali njira pano pali mpanda wa njerwa. Mapu amalembedwa ndi anthu, kuchokera ku zithunzi za mumlengalenga, ku mabuku a boma, ku magalimoto ojambula misewu ndi ku zimene oyenda amanena. Mayi wa m'galimoto uja njira anangoimva kwa ena, sanaiyendepo.

Kusankha njira ndi masamu chabe. Maziko ake anawaika ndi Edsger Dijkstra wa ku Netherlands, amene mu 1956 anapeza njira yoti kompyuta izipezera mtunda waufupi pakati pa malo awiri. Kompyuta imapatsa chidutswa chilichonse cha msewu mtengo wake wa mphindi kapena makilomita, kenaka imaphatikiza n'kusankha chotchipa. Ngati mapu akuti pali msewu, kompyuta imakhulupirira basi.

Zotsatira zake zina n'zoseketsa, zina n'zomvetsa chisoni. Mu 2012, alendo atatu a ku Japan amene ankacheza ku Australia analowetsa galimoto m'matope a m'nyanja ku Moreton Bay, akutsatira chida chimene chinkawalondolera ku chilumba ngati kuti pali msewu. Chaka chomwecho apolisi a ku Victoria, ku Australia komweko, anachenjeza anthu chifukwa mapu a Apple anaika tauni ya Mildura pakati pa nkhalango yotentha, makilomita pafupifupi 70 kuchokera pamalo ake enieni. Mu 2022 bambo wina anafa ku North Carolina, ku America, atagwera pa mlatho umene unagumuka zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Mu November 2024 amuna atatu anafa ku Uttar Pradesh, ku India, galimoto yawo itagwa kuchokera pa mlatho woduka. M'nkhani zonsezi masetilaiti sanalakwitse kanthu. Cholakwika chinali pa mapu, ndi pa kukhulupirira mapuwo kuposa maso.

Chimakonda kundidutsitsa njira zachidule zoipa. Ndingachiletse bwanji?

Choyamba yang'anani mmene chinatcheredwera. Zida zambiri zimakufunsani ngati mukufuna njira yofupika kapena yofulumira. Yofupika imawerengera makilomita okha, ndipo ndi imene imakulowetsani m'tinjira ta ngolo. Sankhani yofulumira, ndipo ngati chida chanu chili ndi posankha kupewa misewu yafumbi, tcherani pamenepo. Onaninso ngati sichinatcheredwe kuti chizipewa malo olipiritsa. Ngati chinatcheredwa choncho, chikhoza kuyesa kukuzembetsani pa Chingeni kapena pa Kalinyeke, n'kukuonongetsani mafuta oposa ndalama imene mukanalipira pageti.

Komabe mapu ambiri sadziwa bwino kusiyana kwa msewu ndi msewu. Chitsanzo ndi msewu wa Gorodi, wokwera kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia. Pa mapu ndi makilomita pafupifupi 15 okha, ooneka ngati ulendo wa mphindi zochepa. Amene anaukwerapo akudziwa kuti ndi chitunda cha miyala chokhala ndi makona akuthwa pafupifupi 20, phompho lili pambali. Woyendetsa Vitz kapena Passo angachite bwino kuzungulira njira ya ku Rumphi, ngakhale ndi yaitali.

Mapu sadziwanso nyengo. Msewu umene mumadutsa bwinobwino mu August umasanduka dambo mu February. Namondwe Freddy atawomba mu March 2023, misewu ndi milatho yambiri ya ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre inakokoloka m'masiku ochepa chabe, ndipo palibe mapu amene akanasintha pa liwiro limenelo. Si kuno kokha. Mu June 2019, madalaivala pafupifupi 100 amene ankathamangira ku bwalo la ndege la Denver, ku America, anatitimira m'matope pa kanjira kamodzi, onse atatsatira njira yachidule imene foni inawapatsa. Aliyense ankaona anzake kutsogolo n'kumati ndiye kuti njira ndi yomweyi. Kuthamanga si kufika.

Nanga chida chimene chinabwera ndi galimoto yanga ya ku Japan, chingagwire ntchito kuno?

Pa zolondolera njira, kawirikawiri ayi. Masetilaiti chimawamva, koma mapu ake ndi a Japan yokha, choncho chimasowa pokuikani. N'chifukwa chake kamuvi kamayandama pamalo opanda kanthu, kapena kamayendayenda m'misewu ya Nagoya inu muli pa Wenela. Zambiri mwa zidazi zinapangidwira msika wa ku Japan basi, ndipo sizisinthika chilankhulo.

Mawu amene mumamva mukangoliza galimoto nthawi zambiri si chenjezo la vuto. Mwina mayiyo akukupatsani moni n'kutchula tsiku, kapena akudandaula kuti simunalowetse khadi la ETC, lolipirira misewu ikuluikulu ya ku Japan. Kabokosi ka ETC kamakhala pakokha, kawirikawiri pafupi ndi bondo la dalaivala, ndipo wokonza zamagetsi a galimoto akhoza kukazimitsa. Wotchi nayo imakonda kutsogola ndi maola 7, chifukwa ndiko kusiyana kwa nthawi ya ku Japan ndi ya kuno. Wailesi imalephera kugwira masiteshoni ambiri chifukwa FM ya magalimoto ambiri a ku Japan imayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, pamene yathu imafika pa 108. Pamafunika kachida kowonjezera kamene amakanika amamangirira ku waya wa eriyo.

Chenjezo lalikulu ndi la kakhadi ka SD kamene kamakhala m'chidamo. Musakachotse n'kuikamo nyimbo, ndipo pogula galimoto onetsetsani kuti kalimo. Zida zina, batire ikangochotsedwa, zimakana kuyaka mpaka zitaona kakhadi kake kapena nambala yachinsinsi, ndipo zikatero mwataya wailesi ndi kamera yobwerera m'mbuyo. Ambiri amangochisiya kuti chizigwira ntchito ziwirizi, njira n'kumaonera pa foni. Ena amachichotsa n'kuikamo cha Android.

Ndinalemba dzina la malo molondola, koma chikundionetsa ulendo wa masiku awiri. Chavuta n'chiyani?

Maina amafanana. Mwanza ili ku Malawi, ina ili ku Tanzania m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Limbe ili ku Blantyre, ina ku Cameroon. Blantyre yoyambirira ili ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Livingstonia ndi Livingstone zimasiyana zilembo zochepa, koma ina ili ku Rumphi, ina kufupi ndi mathithi a Victoria ku Zambia. Ngakhale m'dziko momwemuno, Chileka ili ku Blantyre kumene kuli bwalo la ndege, ina ili ku Lilongwe pa msewu wa ku Mchinji. Chida chimakupatsani mndandanda, chala n'kudina dzina loyamba mosayang'ana.

Kalembedwe nakonso kamasokoneza. Mapu ena akadali ndi maina a nthawi ya atsamunda monga Cholo, Mlanje ndi Ncheu, ndipo l ndi r zimasinthana mmene zimachitira pakamwa pathu. Azungu nawo zimawagwera. Mu 2009, banja lina la ku Sweden limene linkafuna kupita ku chilumba cha Capri ku Italy linalemba Carpi, ndipo linakafika ku tauni ya mafakitale ya kumpoto, makilomita mazanamazana kuchokera kumene linkafuna. Choncho musananyamuke, chepetsani mapu kuti muone ulendo wonse kuyambira poyambira mpaka pothera. Ngati mukupita ku Mwanza ya ku Malawi kuchokera mu Blantyre koma chida chikunena za kuwoloka pa Songwe, imani kaye.

Kwathu misewu ilibe maina, nyumba zilibe manambala. Ndiuze bwanji mlendo kumene ndimakhala?

Zidazi zinapangidwira mayiko amene nyumba iliyonse ili ndi nambala ndi dzina la msewu. Ife timalondolerana ndi zimene maso amaona: mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere, mudutse mjigo, nyumba yachitatu ya geti lobiriwira. Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba, koma m'makwalala ambiri a ku Ndirande, Chinsapo kapena Mchengautuwa anthu akadalondolerana mwakale. Ku Lilongwe kulinso vuto lina: manambala a ma Area satsatana ndi mmene malowo anakhalira, ndipo mukangolemba Area 25 kapena Area 47, chida chimakusiyani pakati pa dera lonselo n'kunena kuti mwafika.

Njira yosavuta ndi kutumiza pini. Imani panja, pageti, dikirani pang'ono kuti kadontho kakhazikike, kenaka tumizani malowo pa WhatsApp. Mukatumiza muli m'nyumba ya malata, pini ikhoza kugwera kwa aneba kapena kuseri kwa mpanda, mlendo n'kumazungulira. Palinso ma Plus Code a Google, amene ndi zilembo ndi manambala ochepa oimira kamalo kakang'ono, ndi what3words, imene inagawa dziko lonse m'timabwalo ta mamita atatu mbali zonse n'kupatsa kalikonse mawu atatu. Koma pini isalowe m'malo mwa chigayo chija. Tumizani zonse ziwiri, chifukwa pini imasonyeza pamene nyumba ili koma sinena kuti geti lili mbali iti.

N'chifukwa chiyani nthawi yofikira imene chimalonjeza siikwana?

Chimawerengera mtunda, mtundu wa msewu, ndi liwiro limene mafoni a anthu ena akuyenda pa msewuwo. Mzere wofiira wosonyeza kuthithikana kwa magalimoto umachokera ku mafoni amenewa. Mu 2020 katswiri wa zaluso wa ku Berlin, Simon Weckert, anaika mafoni 99 m'kangolo n'kumakakoka pang'onopang'ono mumsewu wopanda magalimoto, ndipo Google Maps inaufiiritsa msewuwo ngati pali mdipiti. Kumene mafoni otumiza uthengawu ndi ochepa, monga m'misewu ya kumidzi, chidachi chimangoganizira.

Pa ulendo wa makilomita oposa 300 wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe pali zambiri zimene sichiwerengera: marodibuloko, mabampu a m'matauni ang'onoang'ono, tsiku la msika pamene kabaza ndi ngolo zadzaza msewu, thiraki yokwera chitunda pang'onopang'ono, masamba oyalidwa pamsewu osonyeza kuti pali maliro ndipo muyenera kudutsa mwaulemu, ndi kuima pa Lizulu kugula mbatata ndi kabichi. Pa nthawi imene chanena, wonjezeranipo yanu. Opita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto akumbukirenso kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, choncho nthawi yofikira imatha kusintha mukangowoloka malire.

Nthawi zina kamuvi kamachedwa kundipeza, kapena kamalumphira mumsewu wina. Chida chawonongeka?

Kawirikawiri ayi. Chida chimene chakhala chozima kwa milungu, kapena chanyamulidwa ulendo wautali chili chozima, chimayamba chafunafuna masetilaiti. Ndandanda yonse ya kumene masetilaiti ali imatenga mphindi 12 ndi theka kuti itsike kuchokera kumwamba. Foni imafulumira chifukwa imatenga uthenga womwewo pa intaneti. Mukayatsa chida, imani pabwalo kwa mphindi zingapo musanayambe kuyenda.

Uthenga wa masetilaiti umafika pansi uli wofooka kwambiri. Denga, phiri, mitengo yothithikana ndi magalasi ena okhala ndi zitsulo m'kati zimautchinga. Pakati pa nyumba zitalizitali za ku Johannesburg kapena London uthengawu umagunda makoma n'kufika mochedwa, ndipo chida chimaganiza kuti muli kwina. Mvula ndi mitambo zokha sizisokoneza kwenikweni, mosiyana ndi TV ya dishi imene imazima kukangoyamba chimvula. Kulumpha kwa kamuvi kumabweranso chifukwa chidachi chimakukokerani pa msewu wapafupi umene chikuudziwa. Mukamayenda pa msewu watsopano umene suli pa mapu, chimakuikani pa wakale n'kumakuuzani kuti mubwerere.

Kutentha ndi mdani wina. Foni imene yakhomedwa pa galasi lakutsogolo, ikutchajidwa, dzuwa la October la ku Chikwawa likuiwomba, imatha kudzizimitsa yokha. Ikhomeni pafupi ndi potulukira mphepo yozizira.

Sipidomita ikuti 100, GPS ikuti 93. Wonama ndani?

Pa msewu woongoka, mukamayenda pa liwiro losasintha, GPS ndi imene imayandikira zoona. Malamulo a m'mayiko ambiri salola sipidomita kusonyeza liwiro lochepera lenileni, koma amailola kupitirirako, choncho opanga magalimoto amaitchera kuti iziwonjezera pang'ono. Koma samalani ngati munasintha matayala n'kuika aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, chifukwa pamenepo sipidomita ikhoza kuyamba kuchepetsa. Liwiro lovomerezeka limene chida chimaonetsa pakona ya sikirini lisakupusitseni. Likhoza kukhala lakale kapena longoganizira, ndipo wapolisi wa kamera amatsata chikwangwani cha pamsewu.

Kodi munthu angadziwe kumene ndili chifukwa cha GPS?

Chida chimene chimangolondolera njira, chopanda SIM khadi kapena intaneti, chimangomvera, sichitumiza kanthu, ndipo masetilaiti sadziwa n'komwe kuti mulipo. Zida zolondolera galimoto yobedwa, zimene makampani amaika m'magalimoto awo, zimasiyana chifukwa zili ndi SIM khadi yotumizira malo ku ofesi. Foni nayo imatumiza malo anu kwa eni mapulogalamu ngati munawalola. Izi zili ndi ubwino wake: poyenda usiku mukhoza kuonetsa m'bale wanu pamene muli kudzera pa WhatsApp kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Musasunge nyumba yanu yeniyeni m'chida chimene chimatsala m'galimoto, chifukwa wakuba galimotoyo ndi makiyi alondoleredwa mpaka pakhomo. Sungani mphambano yapafupi. Chachiwiri, chidachi sichidziwa dera loopsa. Mu 2023, alendo angapo atachitidwa chipongwe ndipo mmodzi ataphedwa m'dera la Nyanga, pafupi ndi bwalo la ndege la Cape Town, Google inalengeza kuti isiya kulondolera anthu njira yodutsa kumeneko. Amene mwangofika kumene ku Joni kapena ku Cape Town, funsani anzanu okhalitsa kuti ndi misewu iti yosayenera kudutsa, makamaka kukada.

Kodi kuyang'ana chidachi ukuyendetsa si kuitana ngozi?

Ndi kuitanadi, ngati chili m'manja. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda mamita 50 m'masekondi atatu, pafupifupi theka la bwalo la mpira. M'misewu yathu, mamita 50 amenewo mukhoza kukhala mwana wasukulu, njinga yonyamula makala kapena mbuzi. Lembani kumene mukupita galimoto ili chiimire, khomani chida pamalo osatchinga maso, kwezani mawu kuti muzimva osati kuyang'ana, ndipo ngati muli ndi mnzanu, foni agwire iyeyo. Mukaphonya pokhotera musapondereze buleki mwadzidzidzi kapena kubwerera chafutambuyo. Pitirirani, chidzawerengeranso njira ina.

A ku Britain adziwe kuti kumeneko kugwira foni kapena chida cholondolera njira m'manja ukuyendetsa kumalipitsa mapaundi 200 ndi mapointi 6 pa laisensi. Kuyambira mu December 2017, ambiri oyesedwa mayeso oyendetsa galimoto kumeneko amayesedwanso kutsatira chidachi, ndipo kuphonya njira si kulephera malinga ngati waphonya mosaika ena pangozi.

Ndikaona kuti mapu alakwika, pali chimene ndingachite?

Chilipo. Google Maps ndi Waze zili ndi ponenera msewu wotsekedwa, dzina lolakwika kapena malo osowa. OpenStreetMap, imene inayamba mu 2004, ndi mapu amene aliyense angalembemo, ndipo ndi amene mapulogalamu ngati OsmAnd ndi Organic Maps amagwiritsa ntchito. Anthu ongodzipereka analemba misewu ndi nyumba zambiri za kumwera kwa Malawi pa mapu amenewa pambuyo pa madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Idai wa 2019, kuti opereka thandizo adziwe kolowera. Mapu a Tracks4Africa, a ku South Africa, amapangidwa kuchokera ku njira zimene apaulendo anadutsadi ndi magalimoto awo, n'chifukwa chake okonda maulendo a m'tchire amawadalira. Mudzi wanu ukasowa pa mapu, amene angauikepo ndi inu amene mumaudziwa.

Pomaliza, kodi kudalira chidachi sikutiiwalitsa njira?

Kumaiwalitsa. Oyendetsa matakisi akuda a ku London amaphunzira kwa zaka zitatu kapena zinayi kuti aloweze misewu pafupifupi 25,000 asanapatsidwe chilolezo. Mu 2000, Eleanor Maguire ndi anzake a ku University College London anapeza kuti mbali ina ya ubongo yosunga malo inali yokulirapo mwa madalaivala amenewa kuposa mwa anthu ena. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite yomweyo anaona kuti mbali imeneyi imachita changu munthu akamadzisankhira njira, koma imakhala phee akamangotsatira malangizo. N'chifukwa chake munthu amatha kupita malo amodzi kasanu ndi foni, ulendo wachisanu ndi chimodzi batire itatha n'kusochera.

Sitikunena kuti muchitaye. Chimapulumutsa mafuta, chimathandiza usiku pamene palibe womufunsa, ndipo mumzinda wachilendo chimaposa kungoyendera mphuno. Koma musananyamuke onani ulendo wonse, sungani mapu mufoni, lowezani matauni atatu kapena anayi amene mudutse, ndipo nyamulani tchaja. Phula likatha mosayembekezereka, kapena mukaona madzi adutsa pamwamba pa mlatho, mawu a mayi uja asakukakamizeni. Imani, tsitsani galasi, perekani moni, ndipo mufunse wakabaza kapena mayi wogulitsa tomato pamphambano ngati magalimoto akudutsa lero. Iwo msewuwo auona m'mawa womwewo. Paja safunsa anadya phula.